Momwe mungamvetsere ndi kugwiritsira ntchito liwu la Chingerezi lakuti "pocket"

Munthu aliyense amene anaphunzirako Chingerezi kupulayimale anauzidwa kuti "pocket" ndi thumba, ndipo mphunzitsi amene ananena zimenezo sananame. Vuto limayamba munthuyo akakula, akayamba kuwerenga nyuzipepala, kulemba malipoti a kuntchito kapena kulemberana makalata ndi anthu a ku Britain, America ndi South Africa, chifukwa liwu limene ankaliyesa lapafupi lija amalipeza m'nkhani za ndale, za nkhondo, za mano, za mvula ndi za milandu ya katangale, momwe simukutchulidwa chovala chilichonse. Palinso vuto lina lochokera kwathu konkuno. Thumba la m'Chichewa limanyamula zambiri: timati thumba la buluku, thumba la chimanga, thumba la feteleza ndi thumba la ndalama za chitukuko, pamene Chingerezi chimagawa zinthu zimenezi ku mawu osiyanasiyana. Choncho munthu amene amangosinthanitsa thumba ndi "pocket" amalakwitsa mbali zonse ziwiri, pomasulira zimene wawerenga ndiponso polemba zake.

Kuloweza matanthauzo onse limodzilimodzi kumatopetsa ndipo sikukhalitsa m'mutu. Chothandiza ndi kugwira chithunzi chimodzi chimene matanthauzo onsewo anaphukirapo, kenako n'kuzolowera kuyang'ana timawu toyandikana ndi liwuli m'chiganizo, popeza timawu timeneto ndi timene timaulula zimene wolemba akutanthauza.

Katchulidwe ndi kalembedwe

Liwuli lili ndi maphatikizo awiri okha, ndipo mphamvu ya mawu imagwera pa phatikizo loyamba. Ife tikalibwereka timati poketi, n'kukoka phatikizo lapakati monga mwa chizolowezi cha Chichewa, ndipo zimenezo n'zoyenera tikamalankhula chinenero chathu. Koma mukamalankhula Chingerezi, tsindikani "po", mufulumire pa phatikizo lachiwiri limene limamveka ngati "kit", ndipo muime pa "t" osawonjezera "i" kumapeto. Anthu a ku Britain amatchula "o" wamfupi, pamene a ku America ambiri amatsegula pakamwa kwambiri moti limamveka ngati "pakit". Onsewa akutchula molondola.

Polemba, musaiwale "ck" pakati. Liwuli likakhala mneni limalembedwa "pocketed" ndi "pocketing", ndi lembo limodzi lokha la "t". Ambiri amalemba "t" kawiri poganizira mawu monga "admitted", koma Chingerezi chimabwereza lembo lomaliza pamene mphamvu ya mawu ili pa phatikizo lomaliza, ndipo mu "pocket" mphamvuyo ili poyambirira. Chimodzimodzinso "pocketful", kutanthauza zinthu zodzaza thumba limodzi, amalemba ndi "l" mmodzi.

Chithunzi chimene muyenera kuchigwira

Liwuli linalowa m'Chingerezi m'zaka za m'ma 1300 kuchokera ku Chifalansa cha anthu a ku Normandy, kumpoto kwa France, omwe anagonjetsa England mu 1066. Tsinde lake ndi "poke", kutanthauza thumba, ndipo "et" wa kumapetoyo ndi wochepetsa, wogwira ntchito yofanana ndi "ka" wathu wa m'mawu akuti kamwana kapena kanyumba. Motero, kunena mwatchutchutchu, "pocket" ndi kathumba. Mfundo imeneyi ndi yaing'ono koma ndi imene imatsegula zina zonse.

Poyamba kathumbaka sikankasokeredwa ku chovala. Ku England, kuyambira m'zaka za m'ma 1600 mpaka m'ma 1800, amayi ankavala timatumba tomangirira m'chiuno ndi chingwe, kunsi kwa siketi, ndipo ankatifikira popisa dzanja pa mpata wosiyidwa m'mbali mwa chovala. Timatumba totere tikusungidwabe ku Victoria and Albert Museum mumzinda wa London. M'menemo mayi ankasungamo makobiri, makiyi, singano ndi makalata, zinthu zimene zinali zakezake, monga momwe mayi wa kwathu amamangira ndalama pansonga ya chitenje. Kuchokera pamenepa liwuli linatenga malingaliro atatu amene amayenda nalo mpaka lero: chinthu chaching'ono, chinthu cha mwini wake makamaka ndalama, ndi malo obisika kapena ozunguliridwa ndi chinthu china. Tanthauzo lililonse limene mungakumane nalo lachokera ku limodzi mwa malingaliro amenewa.

Thumba la chovala, ndi matumba ena amene si "pocket"

Pa tanthauzo loyambirira palibe chovuta, kupatula timawu toperekeza. Chinthu chikakhala m'thumba timati chili "in" thumbalo, chikamalowa timati "into" kapena "in", ndipo chikamatuluka timati "out of" kapena "from". Chimene olankhula Chichewa amaiwala kawirikawiri ndi liwu losonyeza umwini. Ife timangoti anaika foni m'thumba, ndipo aliyense amadziwa kuti thumbalo ndi lake, koma Mngerezi amayembekeza kumva "He put the phone in his pocket". Mukanena kuti "in the pocket", womvera amadzifunsa kuti thumba lake liti, la chovala chiti, pokhapokha ngati chovalacho mwachitchula kale, monga mu "in the pocket of my jacket".

Matumba a chovala ali ndi maina malinga ndi pamene ali. La pachifuwa pa shati ndi "breast pocket", la kumbuyo kwa buluku ndi "back pocket" kapena "hip pocket", la m'kati mwa jekete ndi "inside pocket", ndipo limene telala amalisokera pamwamba pa nsalu ngati chigamba ndi "patch pocket". Kathumba kakang'ono kamene kali m'kati mwa thumba lakutsogolo la jinzi kanapangidwira wotchi, n'chifukwa chake kamatchedwa "watch pocket", ngakhale masiku ano ena amati "coin pocket". Timisomali tachitsulo ta m'makona mwa matumba a jinzi natonso tili ndi mbiri yake: telala wina wa mumzinda wa Reno ku America, Jacob Davis, pamodzi ndi Levi Strauss wa ku San Francisco, analandira chiphaso cha umwini wa luso limeneli mu 1873, pofuna kuti matumba a anthu ogwira ntchito zolemetsa asamang'ambike. Zigawo zing'onozing'ono za m'chikwama kapena kuseri kwa mpando wa m'ndege nazonso ndi "pockets", chifukwa n'zosokeredwa ku chinthu chachikulu.

Tsopano tibwere ku matumba amene si "pocket". Thumba la chimanga, la mpunga kapena la feteleza ndi "bag" kapena "sack". Jumbo ndi "plastic bag". Thumba limene nyama ya kangaru imanyamuliramo mwana wake ndi "pouch", liwu limene ndi lachibale ndi "pocket" koma ntchito yake ndi ina. Thumba la ndalama zothandizira sukulu, mpingo kapena chitukuko ndi "fund". Lamulo losavuta ndi ili: ngati thumbalo mungalinyamule palokha n'kuliika pansi, m'Chingerezi cha ku Britain ndi America si "pocket".

Komabe lamuloli lili ndi malire amene amakhudza ambiri a ife. Ku South Africa anthu amagula "a pocket of potatoes", "a pocket of onions" kapena "a pocket of oranges", kutanthauza thumba la mbatatesi, anyezi kapena malalanje, ndipo kumeneko komanso ku Zambia amisiri omanga nyumba amati "a pocket of cement" ponena za thumba la simenti. Kumeneku si kulakwitsa, ndi tanthauzo lakale la thumba lonyamulira katundu limene linatsala m'madera amenewa. Ngati muli ku Johannesburg kapena ku Lusaka, lankhulani momwemo ndipo mudzamveka. Koma mukamalembera munthu wa ku London kapena ku New York, lembani "bag", chifukwa iye akawerenga "ten pockets of cement" adzadabwa.

Likaima patsogolo pa dzina lina

Mukaona "pocket" ataima patsogolo pa dzina la chinthu, kawirikawiri akutanthauza kuti chinthucho n'chaching'ono moti chingalowe m'thumba. Motero "pocket dictionary" ndi kabuku kotanthauzira mawu, "pocket knife" ndi kampeni kopinda, "pocket calculator" ndi kamakina kowerengera, ndipo chilichonse chaching'ono chikhoza kutchedwa "pocket-sized". Pano palibe chobisika.

Ofunika kusamala nawo ndi mawu atatu. Oyamba ndi "pocket money", ndalama zochepa zimene kholo limapatsa mwana kuti agulire zofuna zake, monga zimene timapatsa ana opita kusukulu zogonera konko. Mawuwa sachulukitsidwa, choncho simunganene kuti "pocket monies". Ku America ndalama zomwezi amazitcha "allowance", zimene zingasokoneze munthu wa ku Malawi amene anazolowera kuti alawansi ndi ndalama zolandira kuntchito ukapita kumsonkhano kapena kuulendo. Achiwiri ndi "pocketbook", amene ku America amatanthauza chikwama cha amayi kapena chuma cha banja, moti andale akamakamba za "pocketbook issues" akunena za mitengo ya zinthu, misonkho ndi malipiro, osati za mabuku. Achitatu ndi "pickpocket", wakuba wopisa anthu m'matumba. Munthuyo ndi "a pickpocket", ndipo wobedwayo amati "Someone picked my pocket" kapena "I was pickpocketed". Mawu akuti "pocket thief" amamveka koma eni chinenero sanena choncho. Pabwalo la ndege mudzamva "Empty your pockets", kutanthauza kuti mutulutse zonse za m'matumba, ndipo foni ikaimba yokha ili m'thumba n'kuvutitsa mnzanu, mumapepesa ponena kuti inali "pocket dial".

Likakhala mneni, samalani kwambiri

Apa ndi pamene ndikufuna muchedwepo, chifukwa kulakwitsa kwa pano kukhoza kuipitsa mbiri ya munthu. Mneni "to pocket" ali ndi matanthauzo anayi. Loyamba ndi kungoika chinthu m'thumba, monga mu "She pocketed her keys and left". Lachiwiri ndi kupambana kapena kupeza ndalama zambiri, makamaka m'nkhani za masewera, monga mu "The winner pocketed the prize money". Lachitatu ndi la pa tebulo la pool kapena snooker, limene lili ndi maenje asanu ndi limodzi otchedwa "pockets", ndipo kugwetsera mpira m'dzenje ndi "to pocket the ball", ngakhale a ku Britain amakonda kunena kuti "pot". Lachinayi ndi limene timati kuthyolera m'thumba, kutenga ndalama zimene si zako.

Chimene chimasiyanitsa matanthauzowa ndi mwini wa chinthu choikidwa m'thumbacho. Ngati chinthucho ndi cha munthuyo, kapena wachipeza poyera aliyense akuona, palibe mlandu. Koma ngati ndalamazo ndi za gulu, za kampani kapena za boma, ndipo munthuyo anangopatsidwa kuti asunge, mneniyu amanena za kuba basi. Chiganizo chakuti "The treasurer pocketed the contributions" chikunena kuti msungichuma anaba zopereka, ngakhale wolembayo ankangofuna kunena kuti analandira ndalamazo n'kuzisunga. Mlembi wa komiti ya mpingo, ya sukulu kapena ya banki m'khonde amene angalembe chiganizo chotere m'mfundo za msonkhano wamuneneza mnzake mlandu waukulu mosadziwa, ndipo zolembedwa zimakhalitsa kuposa zolankhulidwa. Ngati mukufuna kunena kuti munthu analandira, lembani "received" kapena "collected". Ngati anasunga m'malo mwa gulu, lembani "kept the money on behalf of the group". Ndi chifukwa chomwechi atolankhani osamala amalemba "allegedly pocketed" pamene khoti lisanagamule, kusonyeza kuti munthuyo akungoganiziridwa.

Ngakhale pa tanthauzo la kupambana lija, mneniyu amakhala ndi kafungo kosonyeza kuti ndalamazo zabwera mosavuta kapena zachuluka kuposa muyezo. Nyuzipepala ikalemba kuti mkulu wa kampani "pocketed a huge bonus", sikunena kuti waba, koma ikufuna wowerenga aipidwe nazo. Choncho musagwiritse ntchito mneniyu ponena za malipiro a munthu amene mukumulemekeza.

Zining'a za ndalama

Popeza thumba ndi mosungira ndalama za munthu mwini, liwuli linasanduka dzina la chuma chake. Sitolo ikalengeza kuti ili ndi "prices to suit every pocket", ikunena kuti wolemera ndi wosauka yemwe apezamo chogula. Kukwera kwa mtengo wa mafuta kukapweteka anthu, amati "it hit people in the pocket". Munthu kapena kampani ya "deep pockets" ndi yachuma chambiri, yokhoza kulipira maloya kapena kupirira nthawi yovuta, ndipo "to dig deep into your pocket" ndi kupereka zambiri movutikira. Chining'a chakuti "put your hand in your pocket" chimafanana ndendende ndi chathu chakuti kupisa m'thumba, ndipo akati "He never puts his hand in his pocket" akunena munthu woumira. Kufanana kotere sikuchitika kawirikawiri, choncho musakuyese lamulo. Mwachitsanzo, "money burns a hole in his pocket" sizikutanthauza kuti ndalama zagwa kapena zatayika. Zikunena munthu amene akangolandira ndalama sakhazikika mpaka atazigulira chinthu.

Chining'a chakuti "to line your pockets" n'chonyoza nthawi zonse. Liwu lakuti "line" pano ndi la atelala, kutanthauza kuika nsalu ina m'kati mwa chovala, ndipo chithunzi chake ndi cha munthu amene wayala ndalama m'kati mwa matumba ake. Amanenera munthu waudindo amene akudzilemeretsa ndi katangale kapena ziphuphu. Simungachigwiritse ntchito poyamikira wamalonda wakhama.

Chovuta kuposa zonse ndi "out of pocket", chifukwa kusintha kamodzi kakang'ono kumasintha tanthauzo lonse. Mukanena kuti "I paid out of my own pocket", mukutanthauza kuti munalipira ndi ndalama zanu pa chinthu chimene mwina ofesi kapena gulu likanayenera kulipira. Mukachotsa "my own" n'kunena kuti "I am out of pocket" kapena "The trip left me out of pocket", m'Chingerezi cha ku Britain mukutanthauza kuti mwaluza, ndalama zanu zatuluka ndipo sizinabwerere. Mukhozanso kutchula kuchuluka kwake, monga mu "I am K20,000 out of pocket". Mawuwa akalumikizidwa ndi timizere n'kuima patsogolo pa dzina, monga mu "out-of-pocket expenses", akunena ndalama zimene wantchito wagwiritsa ntchito paulendo, monga zokwerera basi kapena zogulira chakudya, zimene akuyembekeza kubwezeredwa. Ogwira ntchito zaumoyo adzakumana ndi "out-of-pocket payments" kapena "out-of-pocket expenditure" m'malipoti a World Health Organization ndi World Bank, momwe akutanthauza ndalama zimene mabanja amalipira okha kuchipatala kapena kogula mankhwala, popanda boma kapena inshuwalansi kuwalipirira.

Kenako pali matanthauzo awiri a ku America amene sakhudzana n'komwe ndi ndalama. Wantchito wa muofesi akalemba kuti "I will be out of pocket tomorrow", akutanthauza kuti mawa sapezeka ndipo sadzayankha foni kapena makalata. Munthu amene anaphunzira Chingerezi cha ku Britain akawerenga zimenezi angaganize kuti mnzakeyo akudandaula za ndalama, pamene iye akungotsanzika. Ndipo achinyamata pa intaneti akati "That was out of pocket", akunena kuti zimene wina walankhula kapena wachita zapyola malire. Matanthauzo awiriwa ndi bwino kuwadziwa kuti musasokonezeke, koma sindikulangizani kuwagwiritsa ntchito m'kalata ya kuntchito kapena pamayeso. Ngati simupezeka, lembani "I will be unavailable" ndipo aliyense adzamva.

Munthu akakhala m'thumba mwa mnzake

Chinthu chimene chili m'thumba mwanu mumachita nacho zimene mukufuna, ndipo Chingerezi chinatenga chithunzi chimenechi n'kuchiika pa anthu. Akati "The inspector is in the contractor's pocket", akunena kuti woyendera ntchitoyo anagulidwa ndipo amachita zofuna za kontirakitala. Chofunika pano ndi kudziwa amene ali m'kati ndi amene ali mwini thumba: wam'katiyo ndiye wolamulidwa. Choncho "She has the committee in her pocket" zikutanthauza kuti mayiyo ndiye akuyendetsa komitiyo momwe akufunira. Uku n'kunenezanso, ndipo kumafuna kusamala kofanana ndi kwa mneni uja.

Okonda mpira wa ku England amachimva chining'achi mopanda chipongwe cha ziphuphu. Wotchinga kumbuyo akamuletsa womwetsa zigoli kuchita chilichonse kwa mphindi 90 zonse, amati "He had the striker in his pocket". Ku Britain kulinso chakuti "They live in each other's pockets", chonena anthu awiri amene amakhalira limodzi nthawi zonse mopyola muyezo. Koma mukafuna kunena kuti chipambano n'chotsimikizika, chining'a chofala kwambiri ndi "in the bag".

Malo aang'ono osiyana ndi owazungulira

Mukaona "a pocket of" kapena "pockets of" motsatidwa ndi dzina la chinthu chosagwirika monga njala, umphawi, mvula kapena mpweya, dziwani kuti akunena kadera kakang'ono kamene kakusiyana ndi malo onse okazungulira. "Pockets of resistance" ndi timagulu tochepa timene tikulimbanabe pamene nkhondo yatha kwina konse. "Pockets of rain" ndi mvula yogwa mwa apo ndi apo. Pa masewera a mpira, "a pocket of space" ndi kampata kamene wosewera wapeza pakati pa adani.

Tanthauzo limeneli lili ndi msampha kwa olemba malipoti. Mawu akuti "pockets of hunger" amauza wowerenga zinthu ziwiri nthawi imodzi: kuti njala ilipo, komanso kuti madera ambiri alibe njala. Ngati mukulemba za boma limene midzi yambiri sinakolole, n'kugwiritsa ntchito mawuwa chifukwa akumveka a Chingerezi chapamwamba, mwachepetsa vuto la anthu anu omwe, ndipo wowerenga amene ali ndi mphamvu yotumiza thandizo adzaganiza kuti zinthu sizinafike poipa. Njala ikakhala ponseponse lembani "widespread hunger". Mawu akuti "pockets of" asungireni pamene mukutsimikiza kuti vutolo lili m'madera ochepa okha.

Akatswiri a ntchito zosiyanasiyana anatenga tanthauzo lomweli. Ndege ikatsika mwadzidzidzi m'mlengalenga, apaulendo amati yalowa mu "air pocket", ndipo mawu omwewa amanenanso mpweya wotsekeredwa m'konkire kapena m'bwato logubuduzika. Dokotala wa mano akati muli ndi "pockets", akunena mipata ya pakati pa dzino ndi nkhama. Mpata wa mamilimita 1 mpaka 3 ndi wabwinobwino, koma ukafika 4 kapena kuposerapo ndi chizindikiro cha matenda a nkhama. M'mbiri ya nkhondo, "pocket" ndi gulu la asilikali lozingidwa ndi adani, monga "Falaise pocket" ya mu Ogasiti 1944 ku Normandy, kumene asilikali a Germany anazingidwa ndi magulu a mayiko ogwirizana.

Pa ndale pali mawu awiri amene wowerenga nkhani za kunja angakumane nawo. Ku United States, pulezidenti amapatsidwa masiku 10, osawerengera Lamlungu, kuti asayine bilu kapena aibweze ku Congress, nyumba ya malamulo ya dzikolo. Ngati sanasayine ndipo Congress yatseka zokambirana masikuwo asanathe, biluyo imafa, ndipo zimenezi zimatchedwa "pocket veto", ngati kuti waipinda n'kuiika m'thumba. Pulezidenti James Madison ndiye anayamba kuchita zimenezi mu 1812. Ku England, lamulo lokonzanso zisankho la mu 1832 lisanabwere, kunali madera otchedwa "pocket boroughs", kumene munthu mmodzi wachuma kapena banja limodzi ndi limene linkasankha phungu.

Zoyenera kuchita mukakumana nalo m'chiganizo

Mukapeza liwuli m'nkhani ndipo tanthauzo la thumba la chovala silikugwirizana ndi zimene mukuwerenga, musathamangire kumasulira. Yang'anani kaye kumapeto kwake: ngati kuli "ed" kapena "ing", kapena ngati laima pambuyo pa "to", ndi mneni, ndipo funso lanu likhale lakuti chinthu chotengedwacho ndi cha yani. Ngati palibe zimenezo, yang'anani liwu lotsatira. Likakhala dzina la chinthu chogwirika, ganizirani za kuchepa; likakhala "of", ganizirani za kadera kakang'ono, pokhapokha ngati nkhaniyo yachokera ku South Africa kapena ku Zambia ndipo ikunena za mbatatesi kapena simenti. Kenako yang'anani kumbuyo. "Out of" akutsogolerani ku ndalama zotuluka, ndipo muone ngati pali "my own" kapena "his own". "In" wotsatidwa ndi dzina la munthu wina akutsogolerani ku ulamuliro. Pomaliza dzifunseni kumene wolembayo akuchokera, popeza mwaona kale kuti Britain, America ndi kumwera kwa Africa sagwirizana pa zonse.

Buku lotanthauzira mawu lolembedwera ophunzira Chingerezi limathandiza kwambiri pa funso lomalizali, chifukwa limaika zizindikiro pambali pa tanthauzo lililonse zosonyeza ngati ndi la ku Britain kapena ku America, ngati ndi la m'macheza chabe, ndiponso ngati ndi lonyoza. Ambiri amawerenga tanthauzo loyamba lokha n'kutseka buku, pamene zizindikirozo ndi zimene zikanawapulumutsa. Ndi bwinonso kukhala ndi kope momwe mungamalembemo chiganizo chathunthu chimene mwachipeza m'nyuzipepala, pamodzi ndi dziko kumene chachokera, m'malo molemba liwu lokha ndi tanthauzo lake.

Polemba zanu, yambani ndi ntchito zimene mudzazifune kawirikawiri. Tiyerekeze kuti munatumidwa kuulendo wa kuntchito, galimoto inatha mafuta panjira ndipo munagula ndi ndalama zanu. M'kalata yopempha kubwezeredwa musalembe kuti "I used my pocket money", chifukwa zimenezo ndi ndalama za mwana wasukulu, ndipo musalembe kuti "I pocketed the fuel money", chifukwa mukhala mukudziulula kuti munaba. Lembani kuti "I paid for the fuel out of my own pocket", mutchule kuchuluka kwa ndalamazo ndi tsiku limene munagula, ndipo pamutu pa kalatayo muike mawu akuti "Claim for out-of-pocket expenses". Malisiti onse muwalumikize kumbuyo kwa kalatayo musanaipereke kwa wowerengera ndalama.